Njati za ku America: kucoka pa mulu wa mafupa kufika m'buchala

Pali cithunzi cina cakale cimene cimazungulila pa Facebook na pa WhatsApp, mwina munacionapo. Mwamuna wina waimilila pamwamba pa mulu wa zigaza za nyama, mnzake waima pansi, ndipo muluwo ni wautali kuposa nyumba. Cinajambulidwa mu 1892 pa fakitale ya Michigan Carbon Works, pafupi na mzinda wa Detroit ku United States. Zigazazo ni za njati za ku America, ndipo zinali kuyembekezela kugayidwa kuti zikhale feteleza na makala oyeletsela shuga. Pa nthawi imene cithunzico cinajambulidwa, njati zamoyo zinali zitatsala pang'ono kuthelatu.

Lelo munthu angalowe m'shopu ku Denver kapena ku Calgary n'kugula nyama ya njati imodzimodziyo, yolongedwa bwino, monga mmene ife timagulila ya ng'ombe ku buchala. Nyamayo imacokela ku mapulazi kumene njati zimawetedwa kuti ziphedwe. Tiyeni tione mmene zinthu zinayendela pakati pa cithunzi cija na shopu ya lelo, cifukwa m'nkhaniyi muli funso limene likhudza aliyense amene amadya nyama komanso amakonda kuona nyama zam'sanga zili zamoyo.

Tiyambe na dzina. Azungu amaicha bison, ndipo ambili amangoti buffalo. Si njati yathu ya ku Luangwa na ku Kafue, ni acibale akutali cabe. Ya ku America ili na linunda lalikulu paphewa, ubweya wambili kumutu na kutsogolo, ndevu, na nyanga zifupi-zifupi. Nkhunzi yaikulu imafika makilogilamu 900, koma ikayamba liwilo imakwanitsa makilomita 55 pa ola. M'nkhani ino tizingoti njati.

Nthawi ya mamiliyoni

Ca m'ma 1800, m'zidikha zaudzu za pakati pa North America munali njati pafupifupi 30 miliyoni, ndipo akatswili ena amaika ciwelengelo pamwamba kuposa apa. Eni dziko, monga a Lakota, a Cheyenne, a Comanche, a Kiowa, a Blackfoot na a Cree, umoyo wawo unali wodalila nyama imeneyi. Nyama anali kudya. Zikumba anali kupangila matenti, zofunda na nsapato. Mafupa anali zida, mitsempha inali ulusi na zingwe za mauta, nyanga zinali masupuni na zomwela, ndipo ndowe zouma zinali nkhuni m'dziko limene mitengo ni yocepa. Njati inalinso pakati pa mapemphelo na miyambo yawo.

Mahachi asanabwele, anthu anali kusaka wapansi. Njila imodzi inali yothamangitsila gulu la njati ku phompho kuti zigwe. Malo ochedwa Head-Smashed-In ku Alberta, m'dziko la Canada, anagwila nchito imeneyi kwa zaka zoposa 5,000, ndipo mu 1981 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo a mbili ya dziko lonse. Mahachi anabwela na anthu a ku Spain, ndipo atafalikila m'zidikhazo m'zaka za m'ma 1700, kusaka kunasintha. Mlenje mmodzi wa pa hachi anali kupha nyama zambili pa nthawi yocepa.

Malonda nawo analowa msanga. Eni dziko anali kuumika nyama, kuisinja, n'kuisakaniza na mafuta, nthawi zina na zipatso. Cakudya cimeneci, cochedwa pemmican, sicinali kuonongeka kwa miyezi yambili, conco makampani ogula ubweya wa nyama monga Hudson's Bay Company anali kucigula kuti adyetse anchito awo pa maulendo atali a pa bwato. Cinali cofunika kwambili cakuti mu 1814 bwanamkubwa wa dela la Red River ataletsa kucitulutsa m'delalo, panabuka mkangano umene unafika pokhetsa magazi mu 1816 pa malo ochedwa Seven Oaks. Tikuona apa kuti kugulitsa nyama ya njati kunayamba kale kwambili, mapulazi asanakhaleko.

Pofika m'ma 1840 na 1850, ciwelengelo cinali citayamba kutsika. Zikumba zaubweya masauzande ambili zinali kupita ku misika ya kum'mawa caka ciliconse. Cilala cinali kubwela, mahachi na ng'ombe za osamukila kumadzulo zinali kudya msipu wa m'mbali mwa mitsinje. Koma cimene cinatsiliza zonse cinabwela pambuyo pa 1870.

Zaka khumi na ziwili zakupha

Zinthu zitatu zinakumana pamodzi. Coyamba ni njanji. Mu 1869 anatsiliza njanji yodutsa dziko lonse la United States kucoka kum'mawa kufika kumadzulo, ndipo inagawa njati m'magulu awili, lakumpoto na lakum'mwela. Ngakhale pomanga njanji zina nyama inali kale pa malonda. William Cody, amene anachuka na dzina lakuti Buffalo Bill, analembedwa nchito yophela nyama anthu omanga njanji ya Kansas Pacific, ndipo iye mwini anali kukamba kuti anapha njati zoposa 4,000 m'miyezi 18.

Caciwili ni zikumba. Ca m'ma 1871, ofufuta zikumba ku England na ku Pennsylvania anapeza njila yosandutsila cikumba ca njati kukhala cikopa colimba. Mafakitale a nthawiyo anali kuyendetsa makina na malamba acikopa, asilikali anali kufuna nsapato, conco msika unatseguka waukulu. Kale alenje anali kufuna cabe zikumba za m'nyengo yozizila, za ubweya wambili. Tsopano cikumba ciliconse, ca mwezi uliwonse, cinali ndalama.

Cacitatu ni mfuti zolasa patali, maka-maka za mtundu wa Sharps. Mlenje anali kubisala kutali, kuyamba na njati yotsogolela gulu, kenako n'kumagwetsa zina imodzi-imodzi pamene zinzake zangoima osadziwa kothawila. Osenda anali kubwela pambuyo, kutenga cikumba, mwina na lilime, nyama yonse n'kuisiya ikuola pa dzuwa. Cikumba cimodzi cinali kugulidwa madola awili kapena atatu. Tauni ya Dodge City ku Kansas inakula na malonda amenewa. Pakati pa 1872 na 1874, njati mamiliyoni zinaphedwa m'gulu lakum'mwela, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1870 gululo kunalibenso. Njanji ya Northern Pacific itafika ku Montana, alenje anasamukila kumpoto. Pofika 1883 nakonso kunali zii.

Boma linali kuona zonsezi. Mu 1874 nyumba ya malamulo inavomeleza lamulo loteteza njati, koma Pulezidenti Ulysses Grant sanasaine, conco linafela pa tebulo. Nduna yoona za m'dziko, Columbus Delano, inali italemba mu lipoti lake kuti singadandaule njati zitatha, cifukwa zimenezo zidzakakamiza eni dziko kuyamba kulima. Akulu ena a asilikali anali na maganizo amodzimodzi. Mapangano a Medicine Lodge a 1867 na a Fort Laramie a 1868 anapatsa mitundu ina ufulu wosaka m'madela ena malinga ngati njati zikalipo zokwanila kusaka. Kutha kwa njati kunatanthauza kuti ufuluwo wathanso. A Comanche na anzawo, pamodzi na mtsogoleli Quanah Parker, anaukila msasa wa alenje pa Adobe Walls ku Texas mu 1874, koma nkhondo imene inatsatila inawathela m'malo ocepa amene boma linawaikila. Anthu amene anali kudzidyetsa okha anayamba kuima pa mzele kuyembekezela ufa na nyama ya ng'ombe yocokela ku boma. Ku Montana, a Blackfeet mazana ambili anafa na njala m'nyengo yozizila ya 1883 mpaka 1884.

Zitatha zikumba, kunatsala mafupa. Alimi osauka anali kuwatola m'zidikha n'kuwagulitsa pa siteshoni ya sitima madola ocepa pa tani. Umu ni mmene mulu wa pa cithunzi cija unapangikila.

Amene anatola ana amasiye

Mu 1886, William Hornaday wa ku Smithsonian anapita ku Montana kukafuna njati zakuti aziumike n'kuziika m'nyumba yosungilamo zinthu zakale, kuti mibadwo yam'tsogolo ikadziwe mmene zinali kuonekela. Anavutika kuzipeza, ndipo pa zocepa zimene anapeza iye na gulu lake anapha zoposa 20. Ulendowo unam'sintha. Mu 1889 anafalitsa lipoti lochedwa The Extermination of the American Bison, mmene anawelengela kuti njati zamoyo zinatsala 1,091 cabe. Ku paki ya Yellowstone, opha nyama mozemba anapitiliza nchito yawo mpaka pofika 1902 kunatsala njati zam'sanga zosakwana 30.

Mbali yaikulu ya njati zimene zilipo lelo inacokela kwa anthu ocepa amene anagwila ana a njati n'kuwalela pa malo awo. Ku Texas, Charles Goodnight na mkazi wake Mary Ann anayamba kusunga ana amasiye mu 1878. Ku Montana, ana a njati ocepa anabweletsedwa m'dela la Flathead, ndipo mu 1884 Michel Pablo na Charles Allard, onse ana a azimayi a eni dziko, anagula kagulu ka Samuel Walking Coyote n'kukakulitsa kufika mazana. Ku South Dakota, banja la Frederick Dupree linapulumutsa ana ocepa, ndipo pambuyo pake James Philip, wochedwa Scotty, anagula gululo. Ku Kansas kunali Charles Jones, amene anthu anali kumucha Buffalo Jones.

Tisawasandutse angelo anthu amenewa. Ena anali na cifundo, ena anaona mpata wa ndalama, ambili anali na zonse ziwili. Goodnight na Jones anayesa kukwelanitsa njati na ng'ombe kuti apeze ciweto copilila cisanu na matenda, cimene anacicha cattalo. Malondawo sanayende bwino cifukwa zambili zobadwa zinali zosabeleka, koma cizindikilo cinatsala m'magazi. Kafukufuku wa ku Texas A&M University wa mu 2022 anapeza tizigawo twa cibadwa ca ng'ombe m'magulu onse a njati amene anapimidwa.

Mu 1905 kunakhazikitsidwa bungwe la American Bison Society ku New York, Hornaday ali mtsogoleli ndipo Pulezidenti Theodore Roosevelt ali kumbuyo kwake. Mu 1907 anakweza njati 15 pa sitima kucoka ku Bronx Zoo kupita ku mapili a Wichita ku Oklahoma. Taganizani, nyama ya m'zidikha inacita kubwelela kwawo kucokela mu tauni. Caka cimeneco, Pablo atalandidwa msipu cifukwa boma linatsegulila azungu dela la Flathead, anagulitsa gulu lake ku boma la Canada. Njati pafupifupi 700 zinawoloka malile pa sitima.

Zikaculuka mumpanda

Apa m'pamene nkhani ya nyama ikubwelelanso. Njati imabeleka bwino, ndipo ikakhala mumpanda mopanda alenje na mimbulu, msipu umatha. Ku paki ya Wainwright ku Alberta, kumene njati za Pablo zinapita, gulu linakula kufika masauzande m'zaka zocepa. Boma linayamba kuzipha n'kugulitsa nyama na zikumba. Anthu atadandaula, pakati pa 1925 na 1928 linasamutsila njati zoposa 6,000 kumpoto ku paki ya Wood Buffalo. Zinapita na TB na brucellosis, matenda amene amacititsa ziweto kutaya bele, ndipo zinapatsila njati zakumeneko. Vutolo likalipo mpaka lelo. Madzi akatayika sawoleka.

Mapaki ena anasankha kugulitsa zotsala. Custer State Park ku South Dakota, imene inagula njati 36 kucoka ku gulu la Philip mu 1914, caka ciliconse imasonkhanitsa njati zake na mahachi na magalimoto, kuzipima, n'kugulitsa zina pa msika. Alimi ambili anayambila pa misika yotele. M'zaka za m'ma 1990 anthu anathamangila bizinesi imeneyi, mitengo ya njati zobeleketsa inakwela kwambili, kenako inagwa cifukwa oweta anaculuka koma odya anali akali ocepa. Amene anapilila anayamba kuphunzitsa anthu kudya nyamayo. Ted Turner, amene anayambitsa CNN, anafika pokhala na njati pafupifupi 50,000 pa mapulazi ake, ndipo mu 2002 anatsegula malesitilanti a Ted's Montana Grill ogulitsa nyama imeneyi.

Lelo ku North America kuli njati pakati pa 400,000 na 500,000. Pa khumi zilizonse, pafupifupi zisanu na zinayi zili m'manja mwa alimi. Zimene zimasungidwa cabe kuti mtundu usathe, m'mapaki na m'malo otetezedwa, ni masauzande makumi ocepa. Mu 2016 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo loika njati kukhala nyama yoimila dziko la United States, koma lamulolo silinaletse kuidya.

Mmene amaphela

Njati ya pa pulazi ikali na mtima wam'sanga. Imalumpha mpanda umene ng'ombe singayese, imagunda zitseko, ndipo ikapanikizidwa imalasa inzake. Conco mipanda imakhala yaitali na yolimba, ndipo alimi amaigwila kamodzi cabe pa caka ngati n'kotheka. Imabeleka yokha popanda thandizo, imakumba udzu pansi pa cipale cozizila na mutu wake, ndipo malamulo a United States salola kuibaya mankhwala okulitsa msanga. Zambili zimaphedwa zili na zaka ziwili kapena ziwili na hafu.

Pali njila ziwili. Yofala ni yofanana na ya ng'ombe. Njati zimacotsedwa ku msipu, zambili zimaikidwa m'khola lonenepetsela kwa miyezi ingapo zikudya cimanga na zina, kenako zimakwezedwa pa thilaki kupita kophela. Njila imeneyi imapeleka nyama yambili yofanana caka conse, zimene mashopu aakulu amafuna. Koma ulendo wa pa thilaki umaopsa nyamayi kwambili. Zina zimafika na mabala, ndipo mantha amaononga kakomedwe ka nyama.

Njila ina ni yophela ku msipu komweko. Katswili wa mfuti amayandikila na galimoto imene njati zinazolowela, amalasa imodzi kumutu, ndipo imagwa pomwepo isanadziwe ciliconse. Amaikhetsa magazi mwamsanga n'kuinyamulila ku thilaki yokonzedwa monga buchala yoyenda, kumene amaisenda na kuitumbula woyang'anila nyama wa boma akuona. Njila imeneyi ni yocedwa ndipo imadula, conco nyama yake imakhala yokwela mtengo. Pali cinanso cimene cimakweza mtengo. Malamulo a boma la United States saika njati pa gulu limodzi na ng'ombe, nkhumba na nkhosa, zimene zimapimidwa na ndalama za boma. Mwini njati akafuna cidindo ca boma limenelo amalipila yekha.

Nyama yake ni yofiila kwambili, ya mafuta ocepa, ndipo ikakhalitsa pa moto imauma. Ngakhale yachuka, bizinesiyi ikali yaing'ono. Njati zimene zimaphedwa ku United States caka conse n'zocepa kuposa ng'ombe zimene zimaphedwa m'dzikolo tsiku limodzi la nchito.

Kodi zinapulumukadi?

Oweta amakamba kuti popanda msika wa nyama, palibe mlimi akanapatula mahekitala masauzande kuti njati zizidyapo, ndipo ciwelengelo cikanakhala cocepa kwambili. Ise sitingatsutse zimenezo, manambala ali kumbali yawo. Msipu umene uli na njati sulimidwa, ndipo mbalame na tunyama twina tumapindula.

Akatswili a zacilengedwe ali na nkhawa ina. Mlimi amasankha njati yofatsa na yonenepa msanga kuti ibeleke, yaukali amaipha. Nkhunzi zikulu-zikulu sizipatsidwa mpata wolimbilana zazikazi. Zikapitiliza conco kwa mibadwo yambili, padzatsala nyama yooneka monga njati koma ya khalidwe la ng'ombe. Ndipo zocepa zimene zili zaufulu nazo zili na malile. Njati za ku Yellowstone zikatuluka m'paki nthawi yozizila kukafuna msipu, zambili zakhala zikugwidwa na kuphedwa cifukwa oweta ng'ombe ku Montana amaopa brucellosis, matenda amene poyamba anabwela na ng'ombe zomwezo.

Amene anataya zambili pa nkhaniyi ayamba kubwezeletsa zawo. Mu 1992 mitundu ya eni dziko inapanga bungwe limene lelo limachedwa InterTribal Buffalo Council, ndipo muli mitundu yoposa 80. Amalandila njati zotsala m'mapaki n'kuziweta pa malo awo. Nawonso amapha, koma kambili amayamba na pemphelo, nyamayo imapita ku masukulu, kwa okalamba na ku miyambo, ina n'kugulitsa. M'madela amene matenda a shuga ni ofala cifukwa ca zakudya za m'zitini na ufa woyela, kubwelela kwa nyama imeneyi ni nkhani ya thanzi. Mu 2020 nyumba ya malamulo inabweza malo a National Bison Range ku mitundu ya Salish na Kootenai, amene analandidwa malowo mu 1908, m'dela lomwe lija la Pablo na Allard.

Cimene ise tatolapo n'cakuti msika unapha njati ndipo msika unathandiza kuziculukitsanso. Mu 1872 njati inalibe woiteteza, aliyense wa mfuti anali kuthamanga kuti aphe mnzake asanam'yambilile, ndipo amene anali kudalila nyamayo sanafunsidwe. Pa pulazi ya lelo, mwini amawelenga ana obadwa asanasankhe zakuti aphe. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukukumbukila tikamva wina akutinong'oneza pa msika kuti ali na nyama yam'sanga yochipa, osakamba kumene yacokela. Koma tisaiwalenso kuti pa njati 30 miliyoni zimene zinali kuyenda popanda mpanda, zimene zabwelela sizikwana ziwili pa 100 zilizonse, ndipo zambili mwa izo zili kumbuyo kwa waya, zikuyembekezela tsiku la thilaki.